Powolokera Panalibe Wotidikira

Munthu woyamba kuyendetsa galimoto m'banja mwathu anali achimwene anga aakulu. Inali pikapu ya mwini sitolo wina wa paboma la Nkhotakota, ndipo iwo ankanyamula nayo matola kupita ku Dwangwa, masiku ena mpaka ku Dwambazi. Ine ndinali ku sekondale. Sukulu ikatsekera ndinkabwerera kwathu pa galimoto yomweyo, nditakhala pathumba la mchere la munthu wina, miyendo ikulendewera panja.

Galimoto ija inali yofooka, ndipo aliyense ankadziwa. Inali ya petulo, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Kutsogolo ankakhala anthu atatu mothinana, wapakati giya ikumugunda bondo. Achimwene anawonjezera zitsulo pa masipuling'i akumbuyo, komabe mukaikamo matumba a mpunga, madengu a usipa, ndi anthu pamwamba pake, mphuno yake inkaloza kumwamba ngati bwato lolemera kumbuyo. Pachitunda chilichonse amuna ankatsika, mmodzi akuyenda pambali atanyamula mwala wotsekera tayala. Injini ikawira tinkaima, wina n'kupita ndi chigubu kukapempha madzi panyumba yapafupi. Radieta ikadontha ankaimata ndi sopo. Chothyoka chinkamangidwa ndi waya kapena malegeni. Batire inali yakufa chaka chonse, kotero ankaimika galimotoyo pamalo otsetsereka nthawi zonse, ngakhale popita ku mzikiti.

Amayi ogulitsa nsomba sankaisiya. Tikamakankha pachitunda ankafunsa ngati ndi ife takwera galimoto kapena ndi galimoto yakwera ife. Achimwene ankatulutsa mutu pawindo n'kuwauza kuti iyi ndi nkhalamba, nkhalamba saithamangitsa, ndipo wofulumira atsogole tikamupeza kutsogolo.

Mudzi wathu uli kumpoto kwa boma, pakati pa nyanja ndi dambo la mpunga. Njira yochokera kumsewu wa tala ndi imodzi yokha, ndipo imadutsa mumtsinje wopanda mlatho. Mtsinjewo umatsika kuchokera kumapiri kupita kunyanja. Njira imaufika kuchokera kumwera, mudzi uli tsidya la kumpoto. M'chilimwe ndi mchenga wokhawokha ndi timadzi ta m'akakolo. M'dzinja umadzaza, nthawi zina kwathu mvula isanagwe n'komwe, chifukwa madzi ake ndi a mvula ya kumapiri.

Pikapu ija mtsinje wodzaza sinkauyesa. Madzi akangofika m'maondo inkazima. Achimwene ankafika powolokera, kutsika, kuyang'ana, n'kunena kuti ulendo wathera pano. Palibe ankadandaula, chifukwa zinthu zinali ndi dongosolo lake. Panali mkulu wina wa bwato amene ankakhala pomwepo dzinja lonse, ndi kamsasa kake patsinde pa mkuyu. Kumtunda pang'ono kunalinso malo amiyala pomwe amuna ankatha kuwoloka atagwirana manja, ndipo kanjira kopita kumeneko ankakalambula chaka ndi chaka mvula ikamayamba.

Maliro ochokera kuchipatala anali ndi mwambo wake. Uthenga ukafika kumudzi amuna ankagawikana pawiri. Ena ankapita kukakumba manda. Ena ankatenga jeneza la kumzikiti, chonyamulira mtembo chija, n'kuwoloka kukadikira galimoto tsidya la kumwera. Podikirapo ankaufufuza mtsinje, kuti lero mchenga wachoka pati, madzi akukoka pati. Galimoto ikafika ankalandira mtembo pamapewa, kapena kuuika m'bwato ena akusambira m'mbali. Ife Asilamu timaika munthu tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. M'zaka zonse zimene achimwene anayendetsa galimoto yofooka ija, sindikumbuka maliro a kwathu amene analephera kufika kumanda a kwathu.

Nditamaliza sukulu ndinapeza ntchito pachigayo cha mpunga paboma, ndipo magalimoto ndinkawaona akusintha ndili pakhomo la chigayocho. Kunabwera a dizilo, poyamba a ku esiteti ya nzimbe ndi a mabungwe, kenako anthu wamba n'kuyamba kugula akatha ntchito. Achimwene anayendetsapo ina ya munthu wogula mpunga. Inali ndi kagiya kachiwiri kakafupi, ndipo pamatope ankatsika n'kupotokola tizitsulo pa matayala akutsogolo kuti onse anayi akoke. Imeneyo inkakwera chitunda anthu ali momwemo, ndipo nthabwala za amayi a nsomba zinathera pomwepo. Inkawoloka madzi a m'ntchafu. Koma isanalowe achimwene ankapinda thalauza n'kuyenda m'madzimo ndi ndodo, kupita ndi kubwera. Anasiya kuyendetsa pamene matenda a shuga anayamba kuwaphimba maso, n'kubwerera kumudzi kukalima mpunga.

Mlongo wathu ali ndi mwana wamwamuna, amene ife amalume ake timamutcha mphwathu. Anakhala ku Joni zaka zambiri, ndipo pobwera anabwera ndi pikapu imene anthu a kwathu anali asanaionepo pafupi. Inali yaitali moti okalamba ankakwera poponda pachitsulo. Zitseko zinayi, mipando yofewa, matayala ofika m'chiuno mwa mwana wasukulu. Inalibe kilachi. Pofuna kuti matayala onse akoke sankatsika, ankangotembenuza kabatani ngati ka wailesi. Pobwerera m'mbuyo kagalasi kankamuonetsa nkhuku zili kumbuyo kwake.

Sindikufuna kuinamizira galimoto imeneyi. Mpunga umene pikapu ya achimwene ikanaututa maulendo atatu, iyo inkautenga kamodzi osakhala pansi. Inakoka ngolo ya nzimbe imene inatitimira m'matope cha ku Kanyenda, thirakita yake italephera. Dzinja loyamba inawolotsa mayi wina wa kwathu amene mwana anali atapingasa m'mimba, mtsinje uli wodzaza moti wa bwato anakana, ndipo mayiyo ali moyo, mwana wake akuyenda. Zimenezi n'zoona, ndipo ndinaziona.

Amene anaikonda kuposa tonse anali achimwene. Tsiku loyamba mphwathu anawakweza kutsogolo, natseka mawindo, natsegula mphepo yozizira. Achimwene anapapasa mpando, napapasa chiwongolero, nafunsa ngati wagula galimoto kapena wagula mwezi wa June. Kenako anafunafuna kilachi ndi phazi osaipeza.

"Nanga ikazima mumaikankha bwanji?" anafunsa.

"Siizima, amalume."

"Ndiye okwera ntchito yawo n'chiyani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo ankauza aliyense kuti iwo anayendetsa ndowa, galimoto ndi iyi.

Zinthu za powolokera zinatha pang'onopang'ono, popanda wozithetsa. Mkulu wa bwato anaona kuti anthu akudikira pikapu m'malo mwa bwato lake, nalitsitsira kunyanja kukaphera nsomba. Kamsasa kake kanagwa. Kanjira ka kumiyala sikanalambulidwe chaka chimenecho, chaka chotsatira kanali bango lokhalokha. Maliro oyamba amene mphwathu ananyamula, amuna anapita kukadikira monga mwa masiku onse. Galimoto inafika, sinaime, inawathira madzi n'kuwoloka, iwo n'kutsala akuthamanga m'mbuyo mwake ndi jeneza lopanda kanthu. Anthu anaseka nkhaniyi ngakhale pamaliro pomwepo. Pamaliro achiwiri anapita ochepa. Pambuyo pake sanapitenso.

Achimwene anadwala miyezi yambiri. Shuga anawononga impso, ndipo thupi linatupa kuyambira kumapazi. Akazi awo, alamu anga, ndi amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza. Atawagoneka pachipatala cha paboma ndinkapita kukawaona ndikaweruka pachigayo. Tsiku lina alamu atatuluka kukatenga madzi, anandigwira dzanja.

"Usandisiye kwa eni," anatero. "Amayi ali okha kuja, ndipo pambali pawo pali malo. Ukandiike pamenepo."

Ndinawauza kuti ndamva. Alamu anali atabwerera ndipo anaima pakhomo ndi chigubu chawo. Nawonso anamva.

Anamwalira m'mamawa, m'mwezi wa February. Kunja kunali kowala, kotentha kuyambira dzuwa litangotuluka. Tinagwirizana kuti tiwasambitsire pamzikiti wa pafupi ndi msika kuti tisataye nthawi kumudzi. Tinawakulunga m'sanda, nsalu yoyera yoikira maliro, tinabwereka jeneza pomwepo. Ndinaimbira foni msuweni wathu amene amayendetsa zinthu za banja kumudzi, kuti ayambe kukumba pambali pa amayi. Anandifunsa ngati atumize amuna powolokera. Mphwathu anali pambali panga, ndipo anati palibe chifukwa, manja onse apite kumanda kuti dzenje lithe msanga, nthaka ndi yonyowa. Ndinabwereza mawu omwewo pafoni. Msuweni anati nayenso amaganiza choncho, anangofunsa mwa chizolowezi.

Tinanyamuka titaswali swala, pemphero lathu la masana. Alamu anakhala kutsogolo ndi mphwathu. Ine ndinakwera kumbuyo ndi jeneza, pamodzi ndi madalaivala akale a matola, anzawo a achimwene, amene anabwera atamva uthenga. Tonse tinali m'mikanjo yoyera. Pamsewu wa tala galimoto inkayenda ngati ilibe katundu. Mmodzi wa madalaivala aja, mkulu wamfupi wa ndevu zoyera, anagogoda m'mbali mwa jeneza n'kunena kuti mnzake sanafikepo kwawo mofulumira chotere. Tinaseka pang'ono.

Mtsinje tinaumva tisanauone. Madzi anali ofiira, akunyamula zinyalala ndi nthambi. Kumapiri kunali mitambo yakuda, koma pamene tinali dzuwa linali kuswa mutu. Powolokera panalibe munthu, tsidya lino kapena tsidya ilo.

Mphwathu anaima, natsika, nayang'ana muzu wa mkuyu umene anthu amayezera madzi. Anati dzana anadutsa madzi ataumiza muzuwo, ndipo lero ukuoneka. Ndinayang'ana, ndipo unkaonekadi. Mkulu wa ndevu zoyera anati m'masiku awo apa ankatsika, koma ananena ngati munthu wokumbukira, osati woletsa. Ndodo yoyezera madzi sikanasowa, mitengo inali ponseponse. Koma tinali titadziyeretsa kale kuti tikaswalire maliro, mikanjo ili yoyera, ndipo kulowa m'matope ofiira aja kunali kuvula pamaso pa mkazi wamasiye. Palibe amene ananena zimenezi. Tinangokwera.

Galimoto inalowa bwino. Madzi anafika pamatayala, anawamiza, iyo ikupitabe, injini ikulira mofatsa. Ndinkamva mchenga ukusuntha pansi pathu koma matayala onse anayi ankagwira. Tinadutsa pomwe pikapu yoyamba ya achimwene ikanazimira. Tinadutsa pomwe ya dizilo ija ikanabwerera. Zimenezi ndaziganizira kwambiri kuyambira tsikulo. Galimoto yofooka ikanatisiya pamadzi a m'maondo, tikanatsika tikudandaula n'kubwerera kumtunda. Iyi inali ndi mphamvu zotifikitsa pakati.

Pakatipo madzi a usiku anali atakumba mchenga. Mphuno ya galimoto inagwera pansi kamodzi, ngati ng'ombe yogwada. Jeneza linatsetsereka n'kugunda kutsogolo kwa bodi, ife n'kugwera pamwamba pake. Madzi anakwera paboneti. Injini inatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Kenako kumbuyo kunayamba kutembenuka pang'onopang'ono kulowera kunyanja, mpaka tayala lina linakodwa pachinthu china pansi, galimoto n'kuima chopingasa.

Zitseko sizinatseguke chifukwa cha mphamvu ya madzi. Mawindo ake ndi a magetsi, ndipo magetsi anali atafa. Mwamwayi mphwathu anali atatsitsa lake poyang'ana madzi. Anatulukira pamenepo, nakwera padenga, naweramira m'kati kukoka alamu. Alamu ndi munthu wamkulu thupi, ndipo anatuluka movutika, nsalu yawo itang'ambika, osalira. Tinawakhazika padenga.

Madzi anayamba kulowa m'bodi. Tinanyamula jeneza n'kuliika chopingasa pamwamba pa m'mbali mwa bodi. Kutsogolo kunali dzenje lija, ndipo palibe ankadziwa kuya kwake. Njira inali yobwerera basi. Ndinatsika woyamba, madzi n'kundifika pachifuwa, ozizira kuposa mmene ndinkayembekezera. Enawo anatsika mmodzimmodzi atagwira bodi. Tinalandira jeneza osati pamapewa koma pamitu, manja atatambasuka. Kupatula mphwathu, tonse tinali anthu a zaka zathu, ndipo achimwene anali olemera ndi madzi a matenda aja. Tinkayenda chokhwekhwereza mapazi. Nthambi ina inamenya mkulu wa ndevu zoyera m'nthiti, iye n'kugwada, ngodya yake ya jeneza n'kumira. Anadzuka akulavula madzi, osasiya kugwira. Titafika kumtunda tinatsitsa jeneza paudzu, ndipo mphwathu ndi dalaivala wina anabwerera kukatenga alamu, atawagwira uku ndi uku.

Ndinalowetsa dzanja pansi pa nsalu yophimba jeneza. Sanda inali yonyowa kuyambira m'maondo kutsika, ndi matope ofiira.

Foni yanga inali itafa m'thumba. Ya alamu inali m'kachikwama kamene anakamangirira pakhosi, ndipo inkagwira. Ndinaimbira msuweni. Posakhalitsa amuna a kwathu anatulukira tsidya lija akuthamanga, ena makasu ali m'manja, miyendo ili ndi dothi la kumanda. Tinkaonana nkhope bwinobwino, koma phokoso la madzi linkameza mawu, kotero ine ndi msuweni tinkayankhulana pafoni tikuyang'anana.

Muzu wa mkuyu unali utamira tsopano. Madzi ankakwera tikuona. Anyamata ena a kwathu anayesa kupita kumiyala, koma anabwerako atachekeka ndi bango, akuti malowo sakudziwikanso, ndipo miyala yonse yamira. Msuweni anatuma munthu kunyanja kwa mkulu wa bwato. Yankho linabwera loti bwato lilipo, koma kuti lifike kwa ife liyenera kulowera pamathiriro a mtsinje, pomwe madzi osefukira amakumana ndi nyanja, ndipo m'dzinja pamenepo pamadzaza ng'ona. Mwini wake anati ngakhale atamupatsa ng'ombe. Maboti a injini anali kutali pamadzi, obwera mawa.

Tsidya lino kuli mudzi wina, ndipo anthu ake anali atasonkhana. Ndi Asilamu anzathu, timawadziwa, timagulitsana mpunga, koma si abale athu. Shehe wawo, munthu wowonda wofatsa, anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi jeneza. Atamva zonse anati kumanda kwawo malo alipo, anyamata alipo, nsalu ya sanda ili kumzikiti. Anati chipembedzo sichifuna kuti wakufa achedwe, ndipo nthaka yonse ndi ya Mulungu, koma mwini maliro ndi amene anene. Ananena akuyang'ana ine. Ndinazindikira pamenepo kuti wamkulu m'banja tsopano ndine.

Msuweni pafoni anakana. Anati manda atha, akumba bwino, pambali penipeni pa amayi, ndipo tidikire mawa madzi aphwa. Anati munthu sangaikidwe kwa eni mudzi wake ukuoneka. Anati anthu adzatinena mpaka adzukulu athu. Mkulu wa ndevu zoyera, atagwira nthiti zake, anati mitambo ya kumapiri ija si ya tsiku limodzi, ndipo iye anauonapo mtsinjewu ukukana anthu mpaka mkuja. Ndinawamvera onse. Ndinkafuna kudikira. Ndinali nditayamba kale kuganiza za nyumba yomwe tingagonekemo jeneza.

Alamu anali atakhala patali pang'ono ndi amayi a m'mudzimo, atafunda chitenje chobwereka. Anatuma mayi wina kudzandiitana. Ndinapita n'kunjuta pafupi nawo.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "zimene ananena zija ndinamva, monga munamva inu. Koma ndine ndakhala ndikuwasambitsa miyezi yonseyi. Thupi lawo ndikulidziwa. Ndi kutentha kuno, mawa simudzawanyamula."

Ndinadzuka, ndinapita kwa shehe n'kumuuza kuti anyamata ayambe kukumba. Ndinaimbira msuweni. Ndinamuona tsidya lija akuchotsa foni kukhutu, n'kutembenukira kwa anthu. Ena anakhala pansi. Mmodzi anaponya khasu lake paudzu.

Mphwathu anali atakhala m'matope m'mphepete mwa madzi, akuyang'ana galimoto yake, kiyi ali m'manja. Nditafika anati dzana anadutsa pomwepa, ndipo madzi anali ambiri kuposa apa. Anabwereza kawiri. Ndinamuuza kuti ndikudziwa, ndipo adzuke chifukwa tikufuna phewa lake.

Tinawasintha sanda m'kachipinda ka kumzikiti wa eni mudzi. Alamu ananena zoona. Sindilemba zambiri pamenepa.

Ndinapempha kuti swala ya maliro ichitikire m'mphepete mwa mtsinje, kuti a kwathu akhale nawo. Shehe anavomera. Tinabweza jeneza powolokera, tinaliika paudzu, tinaima m'mizere kumbuyo kwake titayang'ana kumpoto, kumene timayang'ana poswali. Apa ndi pamene ndinaona chimene sindinachiganizire. Ife tinali kumwera, kotero mtembo unali patsogolo pathu, mtsinje patsogolo pake, ndi abale athu patsogolo pa mtsinje. Iwo kuti aswali anayenera kuyang'ananso kumpoto, kufulatira mtembo, ali kutsogolo kwa shehe. Sizitheka. Ndinawaona akuyamba kupanga mzere, kenako akuyang'anana, mkulu wina akuloza ndi dzanja, mzere uja n'kumwazika. Anangoima chiimire akutiyang'ana. Amene anaswalira achimwene anali anthu a mudzi wa eni, madalaivala okalamba, mphwathu ndi ine.

Tili pakati pa swala, hutala ya galimoto ija inayamba kulira yokha m'madzi, nyali zake zikuphethira. Palibe anatembenuka. Inalira mpaka mawu ake anayamba kuchepa, n'kusiya.

Manda a mudziwo ali pakamtunda, kuseri kwa minda ya chinangwa, ndipo kuchokera tsidya lija saoneka. Abale athu anationa tikunyamula jeneza n'kulowa m'chinangwa, basi. Ndinatsikira m'dzenje ndi mphwathu. Anyamata aja anakumba bwino, ndi kachipinda kam'mbali kogonekamo mtembo, ngati akukumbira munthu wawo. Tinawagoneka chakumanja. Kumanzere kwawo kunali manda a mwana, kumanja kwawo a mayi wina amene sindinamudziwe. Tinamaliza dzuwa lisanalowe.

Tinagona m'mudzimo. Mtsinje sunaphwe mawa lake. Unaphwa mkuja, ndipo m'mawa umenewo ana ankawoloka akusewera. Galimoto inali itakwiririka ndi mchenga mpaka m'zitseko. Inakokedwa ndi thirakita ya alimi a nzimbe, n'kupita ku Lilongwe itakwera lole, chifukwa amakaniko a paboma anati ubongo wake wamagetsi wamwa madzi ndipo iwo alibe chouyezera. Inabwerako patapita miyezi. Ikuyenda, ikunyamula mpunga, ikuwoloka mtsinje womwewo, ndipo ine ndimakwera. Mphwathu tsopano amasunga ndodo m'bodi. Bwato silinabwerere powolokera.

M'mawa umene mtsinje unaphwa tinawoloka wapansi, alamu ali pakati pathu. Amayi a kwathu anawalandira ndi kulira kumene kunadikira masiku awiri, n'kulowa nawo m'nyumba. Amuna tinapita kumanda.

Dzenje linali pomwe achimwene ananena, pambali pa amayi. M'mbali mwake munali mutayamba kugumuka, ndipo pansi panali madzi. Wina anati tingoliphimba ndi malata, lidikire amene adzatsatire, poti ntchito yagwiridwa kale. Ndinaona kuti onse akupewa kundiyang'ana. Akuluakulu anati kwathu manda otseguka sakwiriridwa opanda kanthu, chifukwa amaitana munthu. Muyenera kulowa thunthu la nthochi. Shehe wa kwathu anati zimenezo m'buku mulibe, kenako anati ali ndi kanthu kena kumzikiti, nachoka mwaulemu.

Anakadula nthochi kudimba la achimwene. Thunthu lake linali lalitali ngati munthu, lolemera, likudontha madzi. Analibweretsa amuna awiri paphewa. Msuweni, amene sanandiyankhule kuyambira pafoni paja, anafunsa gulu lonse kuti alowe ndani. Ndinavula nsapato n'kutsika. Madzi anandifika m'akakolo. Anandipatsira thunthulo, ndipo ndinaona kuti sindikudziwa kuti ndiliike bwanji, pakati pa dzenje kapena m'kachipinda kam'mbali. Ndinayang'ana kumwamba kuti wina andiuze. Ndinaliika m'kachipinda.

Msuweni anatambasula dzanja n'kundikoka. Kenako anandipatsa khasu.